Mapulogalamu Khumi ndi Anayi a Mayi Wolongedza Mankhwala

Munthu akalemba chinthu chimodzimodzi kakhumi ndi kanayi, kodi chabwino koposa chimakhala chachingati? Pali mayi wina amene analemba pulogalamu ya pakompyuta maulendo khumi ndi anayi m'masabata atatu. Lero imodzi mwa mapulogalamu amenewo ikugwira ntchito m'nkhokwe ya mankhwala, ndipo yatha zaka zisanu ndi chimodzi isanakhumudwitsepo munthu. Inu owerenga, lotani kuti ndi yachingati. Yankho lanulo lisungeni mumtima, ndipo mumve kaye mmene zinayendera.

Tsiku limene mlamu wake anabwera kudzatenga mwana, mayiyu anali atakhala pakatoni m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya munthu wina. Panali patatha miyezi inayi mwamuna wake atamwalira. M'nyumba imene ankakhala anali atatulukamo. Kachipindako kanalibe loko, ndipo chitseko chake ankachitsekera ndi thumba la simenti youma.

"Alamu, sindikukulandani mwana," anatero mchemwali wa malemuyo, ataima pakhomo. "Koma taonani pamene akugona mwana wa achimwene. Mukadzapeza nyumba ya chitseko chokhoma, mudzabwere mudzamutenge. Ine sindidzakaniza."

Mwanayo anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ananyamula yekha kachikwama kake ka kusukulu n'kutsatira azakhali ake. Sanalire. Chimene chinamulasa mtima mayiyu kuposa zonse n'chimenecho.

Kale mayiyu anaphunzirapo zamakompyuta pakoleji ina. Mayeso a papepala ankakhoza, koma mayeso omaliza ochitira pakompyuta analephera kawiri. Maulendo onse awiri pulogalamu yake inakana kuyenda, nthawi n'kutha iye akuyang'anabe zilembo zofiira. Mphunzitsi wake anamuuza pamaso pa anzake kuti, "Si aliyense amene anabadwira zimenezi. Ena mwayi wawo uli kumsika."

Kumsikako anapitadi. Ankagulitsa machaja ndi zikuto za mafoni pamalo okwerera mabasi, mpaka tsiku limene alonda a mzinda anamulanda katundu yense n'kumuponya m'galimoto. Atasowa pogwira, anapeza ganyu yolongedza makatoni m'nkhokwe yaikulu imene inkatumiza mankhwala kuzipatala zing'onozing'ono.

Anzake a pantchito atamva kuti anaponda kukoleji, anamupatsa dzina. "A Injiniya, tanyamulani katoni iyo mwaukatswiri!" Ankatero n'kumaseka. Iye ankangonyamula.

Mwezi uliwonse kunkhokweko kunkabwera lole yodzatenga mankhwala otha mphamvu kuti akawotchedwe. Mayiyu ndiye ankawakweza. Tsiku lina anakweza makatoni makumi awiri a mankhwala a chifuwa cha ana, osatsegulidwa n'komwe. Anali ataiwalika kuseri kwa shelefu pamene zipatala zinkadandaula kuti zilibe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti tsiku lothera mphamvu la katoni iliyonse linali lolembedwa kale mudatabesi, ndiko kuti nkhokwe ya zolembedwa imene imakhala mukompyuta. Chinkasowa ndi pulogalamu yoifunsa databesiyo m'mawa uliwonse. Katswiri amene ankayang'anira makompyuta anali atapita kukampani ina yaikulu, ndipo mpando wake unali wopanda munthu.

Mayiyu anatha sabata yathunthu akulimbana ndi mtima wake. Kenako anagogoda pachitseko cha a manejala.

"Bwana, ndingathe kulemba pulogalamu yoti izitiuza mankhwala amene atsala pang'ono kutha mphamvu."

A manejala anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Muli ndi pepala?"

"Ndilibe, bwana. Ndinalephera."

"Kangati?"

"Kawiri."

A manejala anaseka pang'ono, koma osati mwachipongwe. "Anthu amabwera muno ndi mapepala abodza, inu mwabwera ndi kulephera kwenikweni. Chabwino. M'mawa muzilongedza monga mwa masiku onse. Kuyambira thu koloko mpaka faifi muzikhala pakompyuta. Lachisanu lomaliza la mwezi uno ndidzaione ikuyenda. Ikayenda, mpando uja ndi wanu, pamodzi ndi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa mpandaku. Ikakana, ndilengeza ntchitoyi kwa a madigiri. Ganyu yanu nayonso mukudziwa kuti ikutha mwezi womwewu."

"Nyumbayo ili ndi loko, bwana?"

"Funso lanji limenelo? Ili nayo."

Lolemba masana analowa m'chipinda cha kompyuta. Munali fumbi, fani yosweka phiko limodzi, ndi mpando wopendekera kumanzere. Atayamba kulemba anadabwa kuona kuti zala zake sizinaiwale. Pofika hafu folo anali atalemba mizere mazana awiri.

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono, chifukwa nkhondo yonse ya mayiyu inali ndi antchito awiri osaoneka. Zimene munthu walemba, kompyuta siingazimve mwachindunji. Pali wantchito woyamba, wotchedwa kompaila, amene amamasulira zolembazo m'chiyankhulo cha makina. Pali wachiwiri, wotchedwa linka, amene amatenga zomasuliridwazo n'kuzisokerera pamodzi ndi zidutswa zimene analemba anthu ena. Zidutswa zimenezi zimasungidwa m'fayilo yotchedwa laibulale. Pulogalamu ya mayiyu sinkadziwa payokha kagogodedwe ka pakhomo pa databesi. Inkafunika kubwereka luso limeneli kulaibulale ya amene anapanga databesiyo.

Kuti antchito awiriwa ayambe ntchito, munthu amalemba mzere umodzi wowalamula. Pakona ya kompyutayo panali patamatidwa kapepala kachikasu, kolembedwa ndi dzanja la katswiri uja: "Pomanga pulogalamu lembani mzere uwu. Osasintha chilichonse." Mayiyu anaukopera mosamala, chilembo ndi chilembo, n'kudina batani.

Kompaila inakana. Inati pali fayilo ina imene siikuipeza, yofotokoza mayina a zinthu za mulaibulale. Mayiyu anafufuza masiku awiri, m'foda iliyonse yosungiramo mafayilo, mpaka anazindikira kuti fayiloyo sinaikidwemo n'komwe mukompyutayo. Anaipeza pakafulashi, kachipangizo kosungira mafayilo, kamene kanali m'dirowa ya katswiri, pansi pa mabatire akufa. Ataiika, kompaila inakhala chete. Inali itavomera.

Koma pomwepo linka inalavula mizere khumi ndi umodzi, yonse yoyamba ndi mawu ofanana a Chingerezi akuti "undefined reference". Tanthauzo lake ndi lakuti, "Mwaitana dzina limene sindikudziwa kumene lili." Chinthu chilichonse chimene pulogalamu inabwereka kulaibulale, linka inkati silikudziwika: cholumikizira databesi, chofunsira, chowerengera mayankho, chotsekera.

Mayiyu anayang'ana ngati laibulale inalipo. Inalipo. Anayang'ana ngati dzina lake linali mumzere wa katswiri uja. Linalimo, koyambirira kwenikweni. Ndiyeno anaganiza zimene munthu wolephera kawiri amaganiza: "Kompyuta siinama. Katswiri sangalakwitse. Wolakwa ndine."

Anapanga foda n'kuitcha "zolephera". Anaponyamo pulogalamu yake n'kuyambanso kuchokera pamzere woyamba.

Yachiwiri anasintha mayina onse. Yachitatu anaigawa m'mafayilo atatu. Yachisanu anatsatira chitsanzo cha m'buku lake lakale la kukoleji, limene masamba ake anali atadyedwa ndi chinyezi. Iliyonse, kompaila inkaivomera, linka n'kuikana ndi mawu omwe aja. Faifi ikakwana, mlonda ankabwera ndi makiyi akulira m'manja. "A Injiniya, zatheka?" Iye ankangopukusa mutu.

Sabata yachiwiri anafunsa pabwalo lina la pa intaneti, pogwiritsa ntchito kafoni kake kosweka galasi. Munthu mmodzi yekha ndiye anayankha: "Lumikizani laibulale. Funso la ana ili." Laibulaleyo inali italembedwa kale mumzeremo, choncho yankholo silinamuthandize. Linangomuwonjezera manyazi.

Kenako analimba mtima n'kuimbira katswiri uja.

"Pepani bambo, ndavutika ndi mzere uja munasiya pakompyuta. Kodi mwina..."

"Mzere umenewo ndinaugwiritsa ntchito zaka zisanu, mayi. Sunandivutepo. Vuto lili m'zimene mwalembazo. Kodi munaphunzira kuti?"

Mayiyu anathokoza n'kudula foni. Tsiku limenelo analemba yachisanu ndi chinayi misozi ikugwera pamabatani.

Lamlungu anapita kukaona mwana. Anamupeza akusewera pakhonde, atametedwa tsitsi mwa mtundu wina. Mwanayo anamupatsa moni mwaulemu, ndi manja awiri, ngati mmene amachitira kwa mlendo. Kenako anathamangira m'nyumba akufuula kuti, "Amayi, kwabwera anthu!"

Amayi amene ankaitanidwawo anali azakhali ake.

Mlamu wake anatuluka akupukuta manja. Anachita manyazi pang'ono, koma anayankhula zimene anali atakonza. "Alamu, ndisakubisireni. Mwezi wamawa ndikukamulembetsa sukulu ya kuno. Ndikamulembetsa, zosamukasamuka ndiye ayi. Mwana si katundu woti azingoyendayenda. Nanga za nyumba zija zili pati?"

"Lachisanu ndidziwa."

"Lachisanu lake liti? Paja mwezi watha munatinso Lachisanu."

Pobwerera mayiyu anayenda wapansi ulendo wonse. Sankafuna kuti anthu a m'basi aone nkhope yake.

Sabata yomaliza anayamba kudula pulogalamu m'malo moiwonjezera. Ankaganiza kuti akachotsa zambiri, cholakwa chake chitsala poyera. Yakhumi ndi chiwiri inali ndi mizere makumi asanu. Yakhumi ndi chinayi, imene analemba Lachitatu, inali ndi mizere isanu ndi iwiri yokha. Inkangogogoda padatabesi n'kunena ngati yatsegulidwa. Linka inakananso. Mayiyu anayang'ana fani yosweka ija. Mumizere isanu ndi iwiri munalibenso poti n'kubisala cholakwa, komabe mtima wake unkati, "Mphunzitsi uja ananena zoona." Anapita kuofesi ya a manejala kukawauza kuti wagonja, koma anapeza atapita kumsonkhano.

Lachinayi m'mawa anali kolongedza. M'nkhokwemo munali bambo wina wachikulire amene ankakankha ngolo yotolera mankhwala m'mashelefu. Anali atagwira ntchitoyi zaka makumi atatu, ndipo aliyense ankawatchula kuti a Sindibwerera. Ankayambira pashelefu yoyamba n'kumapita kutsogolo mpaka yomaliza, akutola zimene zalembedwa pamapepala amene ali m'manja mwawo. Kubwerera m'mbuyo ankati n'kuwononga mawondo.

M'mawa umenewo pepala la chipatala china linafika mochedwa. Mayiyu analithamangitsira kwa iwo, n'kuwapeza pashelefu yachisanu ndi chinayi.

"Bambo, pepani, akufunanso mabandeji."

"Mabandeji ali pashelefu yachitatu. Ndadutsa kale."

"Koma si awo ali apowo? Mukuwaona ndi maso."

"Kuwaona ndikuwaona, mwanawe. Koma pamene ndimadutsa paja, analipo amene anali atawapempha? Ine ndizinyamula zinthu zimene munthu sanazifune? Pepala lizitsogola, shelefu izibwera pambuyo. Ngolo iyi ilibe giya ya m'mbuyo, a Injiniya."

Olongedza anzake anaseka. Mayiyu sanaseke. Anaima chilili pakati pa mashelefu, pepala lili m'manja, chifukwa m'maso mwake munabwera kapepala kachikasu kaja. Mumzere wa katswiri, dzina la laibulale linali koyambirira, ndipo dzina la pulogalamu yake linali kumapeto. Nanga bwanji ngati linka nayonso imayenda ngati a Sindibwerera, kamodzi kokha, kuchokera kumanzere kupita kumanja? Ndiye kuti inkafika palaibulale ilibe pempho lililonse m'manja, n'kudutsa osatola kanthu. Kenako inkakumana ndi pulogalamu yake ikupempha zinthu khumi ndi chimodzi, shelefu itatsala kale m'mbuyo.

Mabandejiwo anakatenga yekha. Maola anayi otsalawo anali aatali kuposa masabata onse atatu.

Thu koloko itakwana anakhala pampando wopendekera uja. Anawerenganso mawu akuti "Osasintha chilichonse." Kusintha mzere wa munthu wa digiri kunali ngati kusuntha mpando wa apongozi iwo ali pomwepo. Komabe anachotsa dzina la laibulale koyambirira n'kukaliika kumapeto, pambuyo pa dzina la pulogalamu. Anadina batani.

Pakompyuta panalibe chimene chinalembedwa. Zii.

Poyamba anaganiza kuti makinawo afa. Kenako anakumbukira kuti antchito awiri aja akakhutira sayamikira munthu, amangokhala chete. Anayendetsa kapulogalamu ka mizere isanu ndi iwiri kaja. Kanalemba mawu amodzi amene iye mwini anakauza kuti kalembe databesi ikavomera: "Yatseguka."

Sanafuule. Mizere isanu ndi iwiri sikanatha kuonetsedwa kwa a manejala, ndipo nthawi yolemba ina yathunthu panalibe. Anatsegula foda ya zolephera ija n'kuyamba kuyesa mapulogalamu ake imodziimodzi ndi mzere wokonzedwawo. Onse anamangika. Khumi ndi anayi onse. Panalibe ngakhale imodzi imene linka inaikana.

Apa m'pamene analira, ndipo sikunali kulira kwa chimwemwe. Anaganiza za masabata atatu amene anatha akudzitukwana. Anaganizanso za mayeso awiri aja, n'kudzifunsa ngati nawonso cholakwa chinalidi chake chonse. Funso limenelo palibe amene adzamuyankhe. Atapukuta maso anasankhapo imodzi imene inkachita zonse zofunika, n'kuiyesa katatu mlonda asanabwere ndi makiyi.

Patapita nthawi anadzamva chifukwa chake. Katswiri uja sananame. Pakompyuta yakale imene iye ankagwiritsa ntchito, linka yake inali yolekerera, ndipo mzerewo unkayenda ngakhale mayina atasemphana. Iye atachoka, nkhokwe inagula kompyuta yatsopano ya linka yokhwimitsa malamulo, koma wina anamatula kapepala kaja n'kukamata pamakina atsopanowo. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Koma alipo ena amene akagonera amatha mphamvu ngati mankhwala, ndipo palibe amene amalembapo tsiku.

Lachisanu pulogalamu inasindikiza mndandanda wa makatoni makumi anayi ndi atatu amene anatsala ndi miyezi yosakwana itatu kuti mankhwala ake athe mphamvu. A manejala sanakhulupirire pepala. Anaitana a Sindibwerera, ndipo atatuwo anayenda m'mashelefu kuwerenga masiku pakatoni iliyonse. Mayiyu ankatsatira m'mbuyo. Katoni ya makumi atatu ndi chimodzi sinapezeke pamalo ake, ndipo a manejala anatembenukira kwa mayiyu. A Sindibwerera anagwada n'kuisolola kuseri kwa shelefu, ili fumbi lokhalokha.

Atafika pa yomaliza, a manejala anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba. "Izi zonse zitumizidwe kuzipatala lero lomwe. Inu mayi, Lolemba mubwere ndi chitupa chanu. Katoni musanyamulenso."

"Ndiye kuti ndi a Injiniya enieni?" anafunsa a Sindibwerera. Mayiyu atawafotokozera za ngolo yawo, anagwira pakamwa. "Ha! Ine ndaphunzitsa munthu kompyuta, chikhalirecho sindidziwa n'poyatsira pomwe."

Mlamu wake anasunga mawu ake. Anabweretsa mwanayo masiku atatu sukulu isanatsegulidwe. Koma ndikanakunamizani ndikanati zonse zinakoma tsiku lomwelo. Mwanayo analira posiyana ndi azakhali ake, ndipo kwa miyezi ingapo ankadya akuyang'ana kuchipata. Chaka ndi miyezi iwiri imene anakhala motalikirana palibe amene akanaibweza. Mayiyu anayamba kumuphunzira mwana wake pang'onopang'ono, monga mmene munthu amaphunzirira mlendo, mpaka tsiku lina mwanayo anamuitana kuti "amayi" osayamba waganiza.

Inu amene munalepherapo, ndipo mawu a amene anakusekani akadali m'makutu mwanu, imvani. Chinthu chikakana, fufuzani zimene mwachita, pakuti kulakwitsa kulipo. Koma fufuzaninso kapepala kamene munapatsidwa n'kuuzidwa kuti musasinthe. Munthu amene anazolowera kuuzidwa kuti ndi wolephera amathamangira kudziweruza mlandu usanazengedwe, ndipo amataya ntchito yabwino ndi manja ake omwe. Musadzitaye msanga chotero. Mtima wanu usagwe pamene simunayang'ane mbali zonse.

Tsopano tulutsani yankho lanu lija. Pulogalamu imene ikuyenda m'nkhokwemo mpaka lero ndi yoyamba, ya mizere mazana awiri, imene analemba Lolemba masana tsiku loyamba. Anaitulutsa m'foda ya zolephera osasinthamo ngakhale chilembo chimodzi.